Akavalo a Jonas

Pamene Cosme ankatulukira pakona ya nyumba, kapu ya tiyi ili m'manja, mpando wa karinya, galimoto yonyamula katundu ija, unali kale pansi pa mtengo wa mpoza, miyendo yake yachitsulo italoza kumwamba ngati mbuzi yofa. Pambali pake panali chitseko chakumbuyo, tayala lapadera, jeke ndi zitsulo zonse zomangirirapo mabelo a fodya. Jonas, mwana wa mlongo wake, anali chagada pansi pa galimotoyo akulimbana ndi bampala.

"Iwe, galimotoyi ukuikonza kapena ukuisenda ngati chinangwa?"

"Ndikuiphwetsa mimba, malume," anayankha Jonas ali pansi pomwepo. "Si inu munati kilo iliyonse ndi mdani wa kavalo?"

Otília, mayi wa Jonas, anali pakhonde akusankha masamba a fodya. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Achimwene, mbewu yanu ija yamera. Bwerani mudzakolole."

Cosme anamwa tiyi wake. Mawuwo analidi ake.

Anachoka ku Mandimba mu 1996 akuti akukagwira ntchito ku Joni zaka ziwiri basi. Ziwirizo zinaswana mpaka zinakwana 27. Anabwerako ndi bokosi la masipanala, mabuku atatu othothoka zikuto ndi bondo lolosera mvula. Mandimba amene ankamulota ali m'kachipinda ka malata kuja sanamupeze. Mitengo ya mango imene amayi ake ankagulitsirapo mtedza inadyedwa ndi msewu wa phula. Anthu omwe akanamuitana ndi dzina lake laubwana anali kumanda kapena ku Nampula. Ana amakono ankamulonjera maso ali pafoni, ndipo akangodutsa ankamva kumbuyo kwake: "Mtchona uja." Nyumba analibe. Ankagona m'chipinda chosungiramo fodya kwa mlongo wakeyo, ndipo chilichonse cholowa mkamwa mwake chinkabwera pa matayala anayi a karinya ya Jonas, yomwe inkatuta mabelo m'midzi ya ku Ngauma kupita nawo kumsika.

Malo amodzi okha ndiwo ankamutchera khutu: pa baraka ya Sulemane, pomwera mowa pafupi ndi pokwerera mashapa, maminibasi a kumeneko. Pamenepo ankasimba za galaja imene ankagwirako, yomanga galimoto za mpikisano wa mtunda waufupi, mamita 402 a msewu wowongoka ngati muvi, galimoto ziwiri kunyamukira limodzi. Iye sanayendetseko ngakhale kamodzi. Anali munthu wa pensulo.

"Ndipatseni zinthu ziwiri zokha," ankatero, akung'amba katoni ya mowa kuti alembepo. "Akavalo a injini, ndiye kuti mphamvu zake, ndi makilo a galimoto dalaivala ali momwemo. Akavalowo muwagawe ndi makilo. Kanambala kotulukako mukafunire muzu wake, ndiye kuti nambala imene mukaichulukitsa yokha katatu ikubwezerani pomwe mwachoka. Muzuwo muuchulukitse ndi 290. Limenelo ndiye liwiro limene galimoto idzadutse nalo pamzere womaliza. Mulibe ufiti, mulibe pemphero."

Anyamata anayesera pa njinga zamoto, ndipo pensulo sinaname. Anayamba kumutcha Profesoro. Dzinalo linali lachipongwe pang'ono, koma linali lokhalo limene Mandimba watsopanoyu anamupatsa, ndipo analikumbatira ngati bulangete m'mwezi wa Juni. Tsiku lina, mowa wa eni ake utamukomera, anawonjeza kuti ku Joni amuna enieni sapikisana pa ndalama: wopambana amamasula matayala onse anayi a wolephera, galimoto n'kutsala pa njerwa. Zimenezi anaziona kamodzi kokha pa zaka 27, koma pa baraka anazinena ngati lamulo lolembedwa pamwala.

Kenaka injini ya karinya inafa. Jonas anakapeza ina kutsidya kwa malire, ya masilinda asanu ndi atatu, yochotsedwa m'galimoto yaikulu yogubuduzika. Cosme ndiye anaiika ndi manja ake. Masabata atatu amenewo anali okhawo, chibwerere, amene anadzuka m'mawa akudziwa chimene wadzukira. Akavalo 250 m'ngolo ya fodya! Mbiri inathamanga mpaka ku Cuamba, n'kukafika kwa Rajabo, mwana wa mwini magolosale, yemwe anali ndi galimoto yoyera yogwada pansi yotsika pa sitima ku Nacala. Rajabo anabwera yekha pa baraka kudzanena kuti ngolo ndi ngolo, ngakhale uimangirire mkango. Iye ndi Jonas anagwirana chanza pamaso pa anthu: Lamlungu masana, mamita 402, matayala anayi.

Lachisanu m'mawa Jonas anabwera ndi kapepala ka pa sikelo yaikulu ya ogula chimanga. Sabata yapitayo karinya inkalemera makilo 1600. Tsopano, itasendedwa, inali 1250, iye ali momwemo.

Cosme ananyambita pensulo. Sanachedwe.

"Iwe 170 pa ola. Rajabo ali ndi akavalo 150 pa makilo 1400. Akalimbikira, 138."

Jonas anavina pabwalo mpaka nkhuku zinabalalika. "Amayi, mwamva? Lolemba mukwera pa matayala a ku Japani!"

"Ine ndikwera pa miyendo yanga," anatero Otília.

Masana Cosme ndi Sulemane anatenga chingwe cha mamita makumi awiri ndi chitini cha laimu n'kupita kukalemba mizere. Malowo anali kunja kwa tauni, njira ya ku Cuamba, pomwe msewu umawongoka ukangomaliza kukhota pa amayi ogulitsa tomato. Anayala chingwe maulendo makumi awiri, n'kuwonjeza mapazi awiri aakulu. Mzere womaliza unagwera pa mtengo wa mthethe. Sulemane akuthira laimu, Cosme anayenda pang'ono kutsogolo kuti awongole bondo, ndipo anaiona migolo.

Aliyense ankaidziwa migoloyo. Mvula ya mu Febuluwale inadya kamlatho ka patsogolo apo, ndipo chiyambire pamenepo panali migolo isanu ndi umodzi yodzaza miyala, itatseka msewu wonse. Kuseri kwake phula linkathera m'malere. Galimoto zinkapatukira kumanzere mwakachetechete, n'kutsikira m'khwawa pa kanjira kafumbi. N'chifukwa chake anyamata anasankha malowa: magalimoto ankabwera ochepa, osavuta kuwaimitsa. Cosme anali atadutsapo kambirimbiri pa shapa. Koma anali asanaionepo migoloyo ndi maso a pensulo.

"Sulemane, tabweretsa chingwe."

Zingwe zisanu ndi zitatu. Mamita 160 kuchoka pa mzere kufika pa mgolo woyamba.

Anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kutembenuza katoni. Pa 170, phazi lisanachoke pa moto n'kufika pa buleki, galimoto imakhala itameza kale mamita 47. Mabuleki a ngolo ya fodya, kumbuyo kopanda katundu wopanikiza matayala, angafune ena 180 ndi kanthu. Zonse pamodzi, 230. Anawerengera kachiwiri, akuikondera karinya paliponse pomwe akanatha kuikondera. Sizinatsike kufika pa 160. Galimoto ya Rajabo, yochedwerapo ndiponso ya mabuleki amakono, inkaima pa 120, mpata n'kutsalako. Ya Jonas inkafika pa migolo ikuthamangabe ngati shapa yothawa apolisi.

Ku Joni, kutsogolo kwa mzere kunkakhala phula lina lalitali, kenaka dzenje la mchenga, kenaka ukonde, ambulansi ili pambali injini ikulira. Zimenezo zinali ntchito za anthu ena. Pensulo yake inkathera pa mzere, ndipo zaka zonsezo sanafunsepo chimene chimachitika munthu akapambana.

Anapeza anyamata atadzaza pa baraka, Rajabo ali pakati, makiyi akuzungulira pachala.

"Malo aja sakukwana," anatero Cosme, n'kuyala katoni patebulo. "Mpikisano ufupikitsidwe. Mamita 250 basi."

Rajabo anaseka mpaka kugwira pamimba. "Epa, madala! Si inu munatiphunzitsa kuti 402 ndi lamulo la dziko lonse lapansi? Lero dziko lafupika?"

"Ndiye tibwerere m'mbuyo ndi poyambira."

"Pa tomato wa amayi aja? Tinyamukire pokhota?"

"Titembenuze, tiyambire ku migolo."

"N'kukathera m'madengu a tomato omwewo," anatero Sulemane motsitsa mawu. "Kumeneko ndiye kuli ana, Profesoro."

"M'bale wanga Jonas," Rajabo anatembenuka, "ngati m'mimba mwatentha ungonena. Walayi sindikuseka. Ungobwera ndi matayalawo pa wilibala, ndikugulira fanta."

Baraka yonse inaphulika. Jonas anaimirira n'kukokera amalume ake panja.

"Mukundivula pagulu, malume."

"Ndikukuuza zimene pensulo yanena. Sungaime, Jonas. Ukusowa mamita 70."

"Ine ndatsika phiri la ku Ngauma ndi mabelo makumi atatu, mvula ikugwa, buleki ikugwira mwendo umodzi. Inu munayendetsapo chiyani? Pepala?" Anapumira m'mwamba, n'kufewetsa mawu. "Pepani. Koma mukudziwa nokha kuti kumbuyo kwapepuka, ponyamuka matayala azungulira pamodzimodzi. Ndikufunika mtunda wonse kuti ndimupeze. Mukaufupikitsa mwandipha."

"Ndikaufupikitsa ndakusunga."

"Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, malume. Tinayambira limodzi nkhaniyi. Musanditsike panjira."

Loweruka Otília anapeza Cosme m'chipinda cha fodya atazunguliridwa ndi zidutswa za makatoni. Anatseka chitseko.

"Sulemane wandiuza. N'zoona?"

"N'zoona."

"Ndiye mukudikira chiyani? Bambo ake anapita. Mwini mbumba ndinu. Muletseni."

Cosme anayang'ana malaya amene anavala. Anali a Jonas. "Achemwali, munthu amene ukudya m'manja mwake umamuletsa ndi pakamwa pati? Ndayesa. Wandifunsa kuti ndinayendetsapo chiyani."

"Pitani kupolisi."

"Akabwera ayamba n'kutsegula boneti. Nambala ya injini ija sikugwirizana ndi mapepala, ndipo woiika ndine. Galimoto akaitenga sitidzaionanso, osati matayala okha, yonse. Mpikisano adzangousuntha tsiku, Jonas n'kukabwereka ina."

"Bisani makiyi."

"Ailiza ndi waya."

Otília anakhala pa belo la fodya. Anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zitatu, koma nkhope yake inali ya munthu amene anatsala kuika maliro onse amene Cosme anangowamva pafoni.

"Amayi akudwala munati mapepala sakulolani kubwera. Mlamu wanu atamwalira munatumiza bulangete. Mwabwera tsopano, mwatibweretsera chiyani? Masamu ophera mwana wanga." Anaimirira. "Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene. Munaufuna ukulu wa pa baraka. Nayo nkhonya yake."

Otília atatuluka, Cosme anakankhira pambali zidutswa za makatoni zija. Kenaka anatenga katoni yatsopano n'kuchita chimene sanachitepo ku Joni: anayamba masamu ake kumapeto, kubwerera chambuyo. Migolo ili pa mamita 160. Kuti karinya iime pa 145, iyenera kudutsa pamzere ndi liwiro losaposa 130. Kuti ifike pa 130 yokha, njira zinali ziwiri: kuilemeretsa kapena kuichotsera akavalo. Anayesa kulemeretsa. Muzu uja ndi waulesi, susuntha msanga: pankafunika matumba makumi atatu a chimanga. Palibe munthu angakweze matumba makumi atatu mwakabisira. Anayesa njira inayo. Pa akavalo 250 panayenera kutsala 113.

Ndipo 130 ndi wochepa kwa 138. Pensulo inanena zimenezonso, mosanyengerera: Jonas wamoyo anali Jonas wolephera, karinya ili pa njerwa pakati pa nyengo ya fodya, ndi Profesoro wabodza.

Lamlungu m'mawa Jonas anamugogodera yekha, atanyamula zigubu ziwiri.

"Ndikukasaka petulo wabwino, wa pa pampu, osati wa m'mabotolo. Muimvetsere komaliza, malume. Khutu lanu ndilo ndimalikhulupirira." Anazengereza pakhomo. "Za Lachisanu zija, pakamwa panangothamanga."

"Pita, dzuwa likukwera."

Cosme anagwada pa bondo lake labwino pakhomo la dalaivala. Pansi pa chopondera moto pali kabawuti kamene chopondera chimakagunda chikafika pamapeto. Anakamasula, n'kusankha m'bokosi lake nati yaitali, ya ulusi wosalala, imene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anaimanga pamenepo, n'kubwezera kabawuti pamwamba pake, kuti chopondera chiziima chisanafike pansi. Anaponda ndi dzanja, n'kukasuzumira ku injini kuti aone pomwe kakhomo ka mpweya katsegukira. Anabwerera, n'kupotoza kawiri. Apa panalibenso masamu, panali zala za zaka 27. Atamaliza anaphimba ndi kachidutswa ka mphira wapansi, kokhako kamene Jonas anasiya.

Jonas atabwera analiza injini ili chiimire. Injini yopanda katundu imakuwa mpaka kumwamba ngakhale uipatse mpweya wa m'kabowo ka singano. Mabotolo a pawindo la Otília ananjenjemera.

"Mwaitani, malume? Ikulira ngati yalawa magazi!"

"Ndangoipukuta," anatero Cosme.

Pofika 3 koloko masana anthu anali atandanda mbali zonse za msewu, ena pa njinga, ena m'mitengo. Amayi a tomato anasiya madengu. Anyamata awiri anaimitsa lole ya makala kutsidya kwa khwawa. Cosme anakaima pa mthethe, pa mzere womaliza, pomwe Profesoro ankayenera kuima. Anthu ankamugwira paphewa. "170, eti? Tamva!" Otília sanabwere.

Kutali uko Sulemane anakweza chipewa chake m'mwamba, n'kuchigwetsa.

Karinya inadumpha ngati yolumidwa ndi njuchi. Popeza mphamvu inali yochepa, matayala akumbuyo sanaterereke n'komwe, anangoluma phula n'kupita. Galimoto yoyera inatsalira. Khamu linakuwa dzina la Jonas, ndipo kwa kamphindi Cosme anadzifunsa: kodi zala zamunamiza? Koma pakati pa mtunda kulira kwa injini kunafika pomwe nati inalamula, n'kukhazikika pamenepo ngati ng'ombe yofika kumapeto kwa chingwe. Yoyera ija inayamba kukula kumbuyo kwake. Inafika pa tayala lakumbuyo, pa chitseko, pa boneti. Zinadutsa pamaso pa Cosme ndi mphepo yomuvula chipewa, Rajabo ali patsogolo ndi mautali awiri a galimoto.

Nyali zofiira za Rajabo zinayaka pomwepo. Za Jonas ayi. Cosme anaona mutu wa mphwakeyo utaweramira pa chiwongolero, akupondabe, akukanabe.

"Buleki, mwana iwe!" Mawu ake anamira m'phokoso.

Ndiye kunamveka kulira kwa mphira, kwakutali, kopyoza m'mano. Utsi wabuluu unakwera. Kumbuyo kwa karinya kunavina kumanzere, kumanja, kumanzerenso. Amayi anagwira kumutu. Utsi utapita, karinya inali itaima chopingasa, migolo ili patsogolo pake, yonse isanu ndi umodzi, yosakhudzidwa.

Palibe amene anayang'ana migoloyo kawiri. Onse anathamangira kwa Rajabo n'kumunyamula m'mwamba. Njerwa zinali zitabwera kale pa njinga, zomwe Jonas yemwe anaitanitsa kuti adzakhazikepo galimoto yoyera. Anaikankhira karinya pambali pa msewu, ndipo popeza jeke anali atatsala kunyumba pansi pa mpoza, anabwereka wa Rajabo.

"Profesoro!" anakuwa wina. "170 uja wapita ndi shapa ya ku Lichinga?"

"Akavalo a ku Joni adya chitedze!"

"Madala, pensuloyo mukasinthitse ndi mpeni wosendera mbatata!"

Cosme anatola chipewa chake n'kuchikuntha fumbi. Rajabo, akukweza tayala lachinayi, anamuyang'ana mwachifundo, chomwe chinawawa kuposa zonsezo. "Musadandaule, madala. Mabuku amakalamba nawonso."

Galimoto yopanda matayala siisiyidwa yokha pamsewu. Pofika mawa ingatsale mafupa. Jonas anailondera mpaka kucha. Lolemba m'mawa Cosme anapita kukamulandira. Anamupeza atakhala pa chitsa, maso ofiira, chinthu china akuchiponya m'mwamba n'kuchiwakha.

"Ndimati ndichotse batire," anatero Jonas osamulonjera. "Ndagwada pakhomopo, mphira n'kusuntha." Anatambasula dzanja. Nati ija inanyezimira padzuwa. "Ya mtundu uwu ku Mandimba kuno kulibe. Ili m'bokosi limodzi lokha."

"Ndi yanga."

"Akavalo anga angati munaba?"

"137."

Jonas anaseka kuseka kopanda mano. "Mpaka nambala muli nayo. Ndinali patsogolo, malume. Munaona? Tauni yonse inaona. Ndikanamusiya ngati chitsa."

"Ukanamusiya. Pamzere ukanadutsa ndi 170. Ndipo lero bwenzi amayi ako atakhala pamphasa, anthu akubwera ndi nkhuni."

"Zimenezo ndi za pakatoni! Ndani anaziona? Ine chimene ndikuona ndi ichi." Analoza karinya ili pa njerwa ngati nkhokwe. "Ku Ngauma anthu khumi ndi awiri akundidikira ndi mabelo. Mawa apatsa wina. Inu mudya chiyani, masamu?"

Cosme anayang'ana njerwazo. Yankho linalipo, koma linali la pakatoni.

"Pa baraka sindikanena," anatero Jonas akuimirira. "Osati pokusungirani ulemu. Akamva kuti anandigwetsa ndi malume anga, adzandiseka kawiri. Mukhale Profesoro wabodza, n'zokukwanirani." Anaponya nati ija pamapazi a Cosme. "Ndikupita ku Cuamba kukasaka matayala akale. Kaya sabata, kaya mwezi. Galimotoyi muilondera ndinu, poti mumaikonda ili chiimire."

Anakwera njinga ya kabaza osacheuka.

Dzuwa litafika pamutu Otília anatulukira ndi kadengu. Munali chinangwa chophika ndi tiyi wa m'botolo. Anayang'ana njerwa, anayang'ana migolo, kenaka nati imene mchimwene wake ankaigubuduza m'manja.

"Fodya uja ndagwirizana ndi a lole ya makala. Atenga gawo lawo, lalikulu ndithu. Mwezi uno ndiwo ndi masamba a maungu." Anayala kansalu pa boneti. "Wadutsira kunyumba asanapite. Wadya mbale ziwiri, atakwiya, osayankhula ndi munthu. Ine ndinangokhala potero, kumuyang'ana akutafuna."

Anatenga dengu lake n'kubwerera.

Cosme atamwa tiyi anatsikira pamsewu. Mizere iwiri yakuda inayambira patali kupitirira mthethe, n'kukhotakhota mpaka pomwe karinya inaima. Anatulutsa chingwe chija m'thumba n'kuyeza kuchoka pothera mizereyo kufika pa mgolo woyamba. Mamita asanu ndi limodzi. Pensulo inati patsala khumi ndi asanu. Inaphonya ndi asanu ndi anayi, chifukwa mkwiyo wa munthu amene akupitiriridwa sanauwerengere. M'mabuku ake atatu aja munalibe.

Komabe, asanu ndi anayi okha, pa nati yopotoza ndi zala! Pa zaka zonse za ku Joni sanawerengerepo bwino chotero. Anacheuka, pakamwa patatseguka kale kuti auze munthu. Msewu unali mbee, phula likuwira ndi dzuwa mpaka kokhota kuja. Anapinda chingwe chake, n'kukwera m'karinya, n'kukhala pa mpando umodzi umene unatsalamo.